Kuchipinda kwa Merkel kunali kwa lendi

Pali chithunzi chimodzi chimene nyuzipepala za ku Germany sizitopa kuchisindikiza. Chinajambulidwa mu Novembala 1990 m'kanyumba ka asodzi m'mudzi wa Lobbe, pa chilumba cha Rügen. Asodzi angapo akhala mozungulira ndi zovala zawo zakunyanja, utsi wa fodya uli tolo, kuwala kukulowera pa kawindo, ndipo pakati pawo pakhala mayi wa zaka 36, kagalasi ka kachasu wa kumeneko kali m'manja. Mayiyo ndi Angela Merkel, amene pambuyo pake anakhala chansala, mtsogoleri wa boma la Germany, kwa zaka 16. Apa ali pa kampeni yake yoyamba yofuna uphungu. Ambiri akaona chithunzichi amati onani mwana wa dera ali pakati pa anthu ake. Ine ndikachiona ndimaona mlendo amene walandiridwa bwino, wapatsidwa mpando, koma aliyense m'nyumbamo akudziwa kuti dzuwa likapendeka abwerera kwawo.

Mlendoyo anapambana m'dera limeneli kasanu ndi katatu motsatizana, kuyambira 1990 mpaka 2017. Atolankhani anazolowera kulitchula kuti linga la chipani chake cha CDU, ife tikanati kuchipinda kwa chipanicho. Koma Merkel atangopuma pa ndale mu 2021, mpando unapita kwa mtsikana wa chipani cha SPD. Mu 2025 unapita kwa AfD, chipani chimene chinakula chifukwa chodana ndi Merkel yemweyo. Zisankho zitatu, zipani zitatu. Chipinda chenicheni sichisintha eni ake ngati nyumba ya alendo. Ndiye ndikuti derali silinakhalepo la CDU. Anthu ake anabwereketsa voti yawo kwa munthu mmodzi kwa zaka 31, chipani chinkangogona m'nyumba ya lendi n'kumayesa kuti chinamanga.

Derali lili kumpoto chakum'mawa kwenikweni kwa Germany, m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, m'chigawo cha Mecklenburg-Vorpommern. Muli mzinda wakale wa amalonda wa Stralsund, chilumba cha Rügen chimene ndi chachikulu kuposa zilumba zonse za dzikolo, timatauni ta kumtunda monga Grimmen ndi Tribsees, komanso kuyambira 2013 mzinda wa Greifswald, kumene kuli yunivesite yomwe inatsegulidwa mu 1456. Dzina lasintha kawiri pamene malire ankakonzedwa: poyamba linali Stralsund – Rügen – Grimmen, mu 2002 linakhala Stralsund – Nordvorpommern – Rügen, ndipo lero ndi Vorpommern-Rügen – Vorpommern-Greifswald I, dera nambala 15 mwa madera 299. Maina otopetsa lilime, koma anthu ambiri ankangoti dera la Merkel basi.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyenera kudziwa kuti Mjeremani akapita kukasankha aphungu a Bundestag, nyumba ya malamulo ya dzikolo, amachonga kawiri pa pepala limodzi. Kumanzere kuli Erststimme, voti yoyamba, yosankhira munthu woimira dera; wopeza mavoti ambiri ndiye wapambana ngakhale asafike theka, monga zimakhalira ndi aphungu kwathu kuno. Kumanja kuli Zweitstimme, voti yachiwiri, yosankhira chipani, ndipo imeneyi ndiyo imagawa mipando ya nyumba yonse. Ubwino wa dongosololi kwa munthu wofuna kumvetsa mitima ya ovota ndi woti limasiyanitsa zinthu ziwiri zimene voti imodzi imazisakaniza. Munthu atha kunena pa pepala lomwelo kuti mayi uyu ndikumufuna, koma chipani chake ayi. Anthu a ku Stralsund ndi Rügen ananena zimenezi kwa zaka zambiri, poyera, m'manambala. CDU sinafune kumva.

Ndi bwino kukumbukira mmene Merkel anapezera derali. Anabadwira ku Hamburg mu 1954, anakulira ku Templin m'chigawo cha Brandenburg, ndipo ankagwira ntchito ya sayansi ku Berlin wa Kum'mawa. Ku Rügen analibe mbumba, analibe munda. Khoma la Berlin litagwa analowa kagulu ka Demokratischer Aufbruch, komwe pa chisankho cha pa 18 Malichi 1990 sikanafike ngakhale voti imodzi pa 100 alionse, kenaka kanamezedwa ndi CDU. Merkel anakhala wachiwiri kwa mneneri wa boma lomaliza la Germany wa Kum'mawa, la Lothar de Maizière. Boma limenelo linali ndi miyezi yowerengeka kuti lithe, choncho iye ankafuna dera. Günther Krause, mkulu wa chipani m'chigawocho, ndiye anamulozera kumpoto, ndipo Wolfhard Molkentin, bwanamkubwa wa boma la Grimmen, ankafuna munthu wa Kum'mawa woti apikisane ndi azibambo awiri ochokera ku Germany wa Kumadzulo amene ankaulakalaka mpandowo.

Chisankho chachipulula chinachitika mu Seputembala 1990 ku Prora, m'chinyumba chachitali makilomita angapo chimene a Nazi anamangira alendo okapuma kunyanja, pambuyo pake n'kukhala malo a asilikali. M'ndime yoyamba Merkel anali m'mbuyo. Anadzapambana m'ndime yachiwiri, usiku kwambiri, ena mwa otsatira mnzake atatopa n'kupita kukagona, ndipo anapambana ndi mavoti ochepa. Mbiri ya Germany ya zaka 16 inadutsa pa kakhomo kakang'ono chotero. Sindikunena izi pomunyoza. Ndikufuna tione kuti ubale wa Merkel ndi derali unayamba ngati ukwati wochita kukonzeredwa ndi ankhoswe: iye ankafuna mpando, iwo ankafuna munthu wolankhula ngati iwo amene akanamveka ku likulu. Chikondi chinabwera pambuyo, ndipo chinali chikondi cha munthu, chipani chinkangodyera nawo.

Manambala ake ndi awa. Pa 2 Disembala 1990 anapeza mavoti oposa 48 pa 100 alionse, ndipo mu 1994 zinali chimodzimodzi. Mu 1998, pamene dziko linatopa ndi Helmut Kohl n'kusankha Gerhard Schröder, anatsika kufika pa 37.3, komabe mpando anausunga. Mu 2002 ndi 2005 anali cha pa 41, mu 2009 anakwera kufika pa 49.3, ndipo mu 2013 anafika pachimake, 56.2. Mu 2017 anabwerera pa 44. Woona mndandandawu mothamanga ati ndi linga ndithu. Koma taonani 2013 yomweyo: Merkel 56, chipani chake pa voti yachiwiri cha pa 45. Mu 2017 Merkel 44, chipani cha pa 33. Nthawi zonse ziwiri, mwa ovota 100 alionse panali anthu pafupifupi 11 amene anachonga dzina lake kumanzere n'kukachonga chipani china kumanja. Anthu 11 amenewo ndiwo anali eni nyumba. Ankalola lendi kwa chansala, osati kwa CDU.

Wina anganene kuti mtsogoleri wa dziko aliyense amaposa chipani chake m'dera lake, palibe chachilendo. N'zoona. Chachilendo ndi chimene chimatsala mtsogoleriyo akachoka. Pitani ku Cloppenburg – Vechta, m'chigawo cha Niedersachsen, kumene kuli Akatolika ambiri ndi alimi a nkhumba ndi nkhuku. Kumeneko CDU inaposa 60 pa 100 alionse pa voti yachiwiri mu 2013, aphungu akhala akusinthana kwa zaka zambirimbiri, koma mpando suchoka m'chipani, ndipo ngakhale mu 2025 unakhalabe komweko. Chifukwa chake n'chakuti chipani kumeneko chili m'tchalitchi, m'bungwe la alimi, m'kalabu ya m'mudzi, m'banja. Agogo anali a CDU, mdzukulu amakumana nacho chipanicho asanadziwe n'komwe kuti ndi ndale. Kumeneko ndiye kuchipinda. Ku Vorpommern kulibe zoterozo. M'chigawo chonse cha Mecklenburg-Vorpommern, cha anthu pafupifupi 1.6 miliyoni, osaposa mmodzi mwa asanu alionse ndiwo ali m'mipingo ikuluikulu, ndipo chipani chilichonse chili ndi mamembala masauzande ochepa chabe.

Mizu inasowa chifukwa dothi lake linalimidwa mosiyana. Derali linali pansi pa Sweden kuyambira 1648 mpaka 1815, kenaka pansi pa Prussia, ndipo kumidzi kunali minda ikuluikulu ya mabanja ochepa, anthu wamba n'kumakhala antchito pa minda ya eni. Pa chisankho cha Malichi 1933 chigawo cha Pomerania chinapatsa chipani cha Hitler mavoti 56 pa 100 alionse, m'gulu la ochuluka kwambiri m'dziko lonse. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha derali linakhala mbali ya Germany wa Kum'mawa, pansi pa ulamuliro wa chipani cha chikomyunizimu cha SED kwa zaka 40. Kuvota masiku amenewo anthu ankakutcha kupinda pepala, chifukwa mndandanda unali umodzi, ntchito yako inali kulandira pepala, kulipinda, kuliponya, zotsatira n'kutuluka 99 pa 100. CDU inalipo m'dzikomo, koma ngati kachipani kowombera m'manja olamula. Ndiye munthu amene anali ndi zaka 50 mu 1990 anali asanasankhepo phungu mwaufulu m'moyo wake wonse, ndipo mawu oti chipani ankamukumbutsa khadi limene munthu ankatenga kuti akwezedwe pa ntchito. Munthu wotere akapatsidwa ufulu amavota, inde, koma salumbira.

Apa ena amathamangira kunena kuti nkhani yatha: anthu amene agogo awo anavotera Hitler abwerera ku chikhalidwe chawo, za Merkel zinali kupumira chabe. Amawonjeza kuti chipani chodana ndi alendo cha NPD chinalowa m'nyumba ya malamulo ya chigawochi mu 2006 ndi mavoti 7.3 pa 100, n'kubwereranso mu 2011. Mfundo ya NPD ndi yoona ndipo siyenera kubisidwa. Kagulu kodana ndi alendo kanalipo AfD isanabadwe. Koma kufotokoza 2025 ndi 1933 ndi ulesi wa maganizo. Anthu a derali anasinthika kwambiri mu 1945, pamene othawa nkhondo ochokera kum'mawa kwa mtsinje wa Oder anadzaza midzi. Ndipo ovota omwewa, midzi yomweyi, anapatsa mwana wa m'busa, mayi wodekha wosakonda kukweza mawu, mavoti 56 pa 100 mu 2013, pamene AfD inali itayamba kale kupikisana. Magazi sasintha m'zaka 12. Chimene chinasintha ndi china.

Nanga phungu wamphamvu chotero anabweretsa chiyani kwawo? Zooneka ndi maso zilipo. Mu Disembala 2005, atangokhala chansala, anatsegulira msewu waukulu wa A20 ku Tribsees. Mu Okutobala 2007 anatsegulira mlatho watsopano wolumikiza Stralsund ndi Rügen. Mu 2008 anatsegulira Ozeaneum, nyumba yaikulu yoonetsera zamoyo za m'nyanja pa doko la Stralsund. Mu Julayi 2006 anabweretsa George W. Bush, amene anapatsidwa mbiya ya nsomba zoviika mu viniga ku Stralsund n'kukadya nguluwe yowotcha m'mudzi wa Trinwillershagen, apolisi masauzande atatseka misewu. François Hollande nayenso anakwezedwa bwato kukaona maphedi oyera a ku Rügen mu 2014. Zambiri mwa zomangazi zinakonzedwa iye asanakhale chansala, ndipo ku Germany phungu sayenda ndi thumba la chitukuko. Koma riboni ankadula ndi iye, ndipo anthu ankanyadira kuti kadera kawo ka kumapeto kwa mapu kakuoneka pa wailesi yakanema ya dziko lonse. Msewu wa A20 uja, ndingonena podutsa, unatitimira m'dambo pa Tribsees pomwepo mu 2017, patangotha zaka 12, ndipo kuukonza kunatenga mpaka 2023.

Zimene sanathe kubweretsa ndizo zikuluzikulu. Fakitale yopanga sitima zapamadzi ya Volkswerft ku Stralsund inkalemba anthu masauzande angapo m'nthawi ya Germany wa Kum'mawa, ikupangira Soviet Union sitima zophera nsomba. Germany wa Kum'mawa ndi wa Kumadzulo atakhala dziko limodzi, inayamba kudutsa m'manja mwa eni osiyanasiyana, antchito akuchepa ulendo uliwonse. Kampani ya P+S Werften inagwa mu 2012, chansala ali phungu wa mzindawo. Eni ena a pambuyo pake, MV Werften, anagwa mu Januwale 2022, mpaka khonsolo ya mzinda inagula malowo. Stralsund, umene unali ndi anthu pafupifupi 75,000 khoma lisanagwe, unatsika pansi pa 60,000. Achinyamata, makamaka atsikana ophunzira, anapita ku Hamburg ndi kumadzulo. Asodzi a m'chithunzi chija ntchito yawo inafota: nsomba ya Hering inachepa m'nyanja, mlingo wololedwa kupha unadulidwa chaka ndi chaka mpaka kuyambira 2022 kupha nsombayi mwadala kunatsala kwa timabwato ting'onoting'ono tokha. Chimene chinakula ndi ntchito zokopa alendo, zolipira pang'ono ndiponso za nyengo yotentha yokha. Chinyumba cha ku Prora chija lero muli nyumba zodula za anthu obwera kudzapuma, zimene woperekera zakudya m'tauni yapafupi ya Binz sangazilote n'komwe.

Komabe ndikukana kunena kuti umphawi ndiwo unavotera AfD, chifukwa manambala akukana. Cha m'ma 2005 munthu mmodzi mwa asanu alionse ofuna ntchito m'chigawochi analibe ntchito, ndipo chaka chimenecho Merkel anapambana bwinobwino. Pofika 2025 ulova unali utatsika kuposa theka la pamenepo, misewu ndi nyumba za m'tauni zitakonzedwa mokongola, Stralsund ali pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 2002, ndipo m'pamene AfD inapambana. Njala ikanakhala ndiyo ikuvota, bwenzi zitachitika kale. Chimene ndikuona ine ndi mtunda. Mu 2011 maboma ang'onoang'ono anaphatikizidwa n'kupanga boma limodzi la Vorpommern-Rügen, lalikulu kuposa chigawo chonse cha Saarland. Ofesi ya boma inatalikira, makhoti ena ang'onoang'ono anatsekedwa kapena kuchepetsedwa, khansala anayamba kuimira midzi imene sanaipondemo. Munthu wa kumudzi anali ndi phungu wolankhula ndi Obama ndi Putin pa foni, koma wopanda munthu wa chipani woti n'kumupeza pa sitolo kumudandaulira za basi imene inasiya kubwera. Pansi pa mtengo wa mango waukulu pamakhala mthunzi wabwino, koma chimanga sichimerapo.

Za 2015 sindingazilambalale, ndipo amene amati zinalibe kanthu akudzinamiza. Chaka chimenecho Germany inalandira othawa kwawo mazanamazana a masauzande, ambiri ochokera ku Syria, ndipo pa 31 Ogasiti Merkel ananena mawu ake otchuka aja, "Wir schaffen das", kutanthauza kuti tikwanitsa. Patatha chaka, pa chisankho cha chigawo cha pa 4 Seputembala 2016, AfD inapeza 20.8 pa 100 n'kupitirira CDU imene inapeza 19, m'chigawo cha chansala mwini. Mu 2017 Leif-Erik Holm wa AfD, yemwe kale anali muulutsi pa wailesi, anaima kulimbana ndi Merkel m'dera lake n'kupeza pafupifupi 19 pa 100. Merkel anataya mavoti 12 pa 100 alionse poyerekeza ndi 2013. Chilonda chinalipo. Koma onani kuti ngakhale pamenepo, anthu atakwiya, misonkhano yake ikusokonezedwa ndi malikhweru, anaposa Holm kuwirikiza kawiri. Chaka cha 2015 chinapatsa okwiya chipani choti athawireko; sichinagwetse Merkel m'dera lake. CDU inagwa pamene iye ananyamuka.

Ndipo inagwa moipa. Mu 2021 chipani chinaimika Georg Günther, mnyamata wa zaka za m'ma 30 wogwira ntchito ku ofesi ya misonkho, amene ankatsogolera achinyamata a chipani m'chigawocho. Merkel anabwera ku Stralsund masiku ochepa chisankho chisanachitike, mvula ikugwa, atatenga Armin Laschet amene ankafuna kumulowa m'malo pa uchansala, kudzapempha anthu ake kuti asamutse chikondi. Sichinasamuke. Günther anapeza 20.4 pa 100, kuchoka pa 44 wa zaka zinayi zapitazo. Holm anapeza 19.9. Wopambana anali Anna Kassautzki wa SPD, wa zaka 27, wogwira ntchito pa yunivesite ya Greifswald, amenenso sanabadwire m'derali, ndipo anapambana ndi 24.3 basi. Mwa ovota anayi alionse, atatu sanamusankhe.

A SPD anavina usiku umenewo ngati agula nyumba, pamene nawonso anangolowa lendi. Chisankho cha Bundestag chinachitika tsiku limodzi ndi cha chigawo, 26 Seputembala, ndipo nduna yaikulu ya chigawocho, Manuela Schwesig wa SPD, inapeza pafupifupi 40 pa 100. Mphepo yake inakankha aphungu a SPD m'madera onse asanu ndi limodzi a Mecklenburg-Vorpommern. Olaf Scholz, amene ankaimira SPD pa uchansala n'kupambana, nayenso ankadzionetsa ngati wolowa m'malo weniweni wa Merkel, wodekha, wosasokosa, mpaka kujambulitsa atapinda zala monga ankachitira mayiyo. Ovota anachita chimene anazolowera: anayang'ana nkhope yodalirika n'kuibwereka voti. Sanasanduke a SPD, monganso sanali a CDU.

Zaka zitatu zotsatira zinagwera derali pa malo opweteka, pa nkhani ya gasi. Mapaipi a Nord Stream ochokera ku Russia amatulukira ku Lubmin, pafupi ndi Greifswald, ndipo Merkel mwini anali pa mwambo wotsegulira paipi yoyamba mu 2011. Mapaipi a Nord Stream 2 ankasungidwa pa doko la Mukran ku Rügen, ndipo mu Ogasiti 2020 maseneta atatu a ku America, mmodzi wa iwo Ted Cruz, analembera dokolo kalata yoopseza kuti alikhaulitsa pa chuma. Anthu a ku Sassnitz, tauni imene kuli dokolo, sanaiiwale kalata imeneyo. Mu Febuluwale 2022, Russia itatsala pang'ono kuukira Ukraine, Nord Stream 2 inaimitsidwa, mu Seputembala mapaipi anaphulitsidwa pansi pa nyanja, mitengo ya magetsi ndi yotenthetsera nyumba inakwera. Kenaka boma la Scholz linaganiza zoika malo olandirira gasi wobwera pa sitima ku Mukran komweko, moyang'anizana ndi magombe a Binz amene ndiwo munda wa anthu a pachilumbapo. Anthu anachita zionetsero, makhonsolo anapita ku khoti, malowo anatsegulidwabe mu 2024. Ine ndikukhulupirira kuti Germany inalakwa kudalira gasi wa Putin, ndipo inachita bwino kumusiya. Koma ndikumvetsanso munthu wa ku Rügen amene anauzidwa kwa zaka khumi kuti paipi ndi chitukuko, kenaka kuti paipi ndi tchimo, kenaka kuti gombe lake ndilo lilipire, ndipo pa zitatu zonsezi palibe anamufunsa.

Pa 23 Febuluwale 2025 Dario Seifert wa AfD anatenga mpando wa Merkel ndi mavoti oposa 37 pa 100. Chipani chake chinatsogola m'madera onse asanu ndi limodzi a chigawochi, omwe aja anali a SPD zaka zitatu ndi theka m'mbuyomo, ndipo pa voti yachiwiri chinapeza 35 pa 100 m'chigawo, pamene m'dziko lonse chinapeza 20.8. Chisankhochi chinali choyamba pansi pa lamulo latsopano la 2023 limene linachepetsa aphungu kufika pa 630, kuchoka pa 736 a mu 2021. Lamuloli limati wopambana m'dera salowa m'nyumba ya malamulo ngati voti yachiwiri ya chipani chake m'chigawo sinakwanire mipando yonseyo. Opambana 23 m'dziko lonse anatsala panja, mmodzi wa iwo wa AfD wa ku Rostock, dera loyandikana nalo. Lamulo lotere, lochepetsa mphamvu ya voti yosankha munthu, likupweteka kwambiri kumalo ngati kuno, kumene nkhope ya munthu ndiyo inali chingwe chokhacho chomangirira ovota ku zipani zakale.

Tsopano funso limene likundivutitsa: kodi AfD nayonso yangolowa lendi? Mtima ukufuna kuyankha kuti inde, alendi amabwera n'kupita. Koma pali chosiyana. Seifert sanali munthu wodziwika kunja kwa dera lake, analibe mbiri ya uchansala kapena unduna, ndipo mavoti ake sanasiyane kwambiri ndi a chipani chake. Mpata wa anthu 11 uja palibe. Ovota ake sanachonge nkhope, anachonga chipani, ndipo akanachonga aliyense amene chipanicho chikanaimika. M'zaka 35 za zisankho zaufulu, aka n'koyamba kuti chipani chotsogola m'derali chikhale ndi anthu ochitsatira chifukwa cha chipanicho. Chinachita zimenezi m'malo amene zipani zakale zinawasiya opanda munthu: m'makhonsolo a midzi, pa misika, pa Facebook ndi TikTok, m'zionetsero za Lolemba madzulo. Ndipo ndi chipani chimene bungwe loteteza malamulo a dziko linachiika mu Meyi 2025 m'gulu la zipani zoopsa za ndale za kumanja kwenikweni, zoika mtundu wawo patsogolo mopyola muyezo, chigamulo chimene chipanicho chinakachitsutsa ku khoti. Ovota ambiri a kuno nkhani imeneyo siiwasuntha.

Pali umboni wotsutsana nane, ndipo ndiupereke. Anthu oposa 60 mwa 100 alionse sanavotere Seifert. Greifswald, m'dera lomweli, inasankha Stefan Fassbinder wa chipani choteteza chilengedwe cha Grüne kukhala mfumu ya mzinda mu 2015, ndi mavoti 15 okha opambanira, n'kumusankhanso pambuyo pake. Stralsund ili ndi mfumu ya mzinda ya CDU, Alexander Badrow, kuyambira 2008. Ndipo patangotha miyezi itatu AfD itatenga mpando wa ku Bundestag, ovota a boma la Vorpommern-Rügen anasankhanso Stefan Kerth kukhala bwanamkubwa wawo, akugonjetsa wa AfD m'ndime yachibwereza. Choncho chizolowezi chovotera munthu amene ukumudziwa sichinafe. Koma tisadzitonthoze msanga. Kerth anaima payekha. Anatuluka mu SPD mu 2023 akudzudzula chipanicho pa nkhani ya olowa m'dziko ndi ya ndalama zothandizira osagwira ntchito. Greifswald yomweyo ya mfumu ya Grüne inakana pa referendamu ya 2023 kupereka malo a mzinda kuti pamangidwe makontena ogonamo othawa kwawo. Nkhope zimene zikupambanabe ndi zimene zavula malaya a chipani, kapena zayandikira madandaulo omwewo amene AfD ikudyerapo.

Mlandu ndikuupereka kwa CDU ya m'derali, ndipo Merkel ali nawo gawo. Ena amuteteza kuti munthu wosenza mavuto a ndalama ya euro, a Ukraine ndi a mliri wa Covid sakanakhala ndi nthawi yomanga nthambi za chipani ku Grimmen. Ndikuvomera; ndipo kunena zoona sanalitaye dera lake, ankabwera ku maphwando a chaka chatsopano, anali ndi ofesi ku Stralsund, ankawadziwa amafumu a matauni ndi maina. Koma zaka 31 ndi m'badwo wathunthu. Mwana amene anabadwa tsiku la chithunzi cha ku Lobbe anali ndi ana ake pamene Merkel ankatsanzika. M'nthawi yonseyo chipani sichinakonze wolowa m'malo amene anthu anamuzolowera, sichinafunse chifukwa chimene anthu 11 aja ankachikanira, chinkangowerenga voti ya kumanzere n'kumagona tulo. Ndale za Merkel zinali zoziziritsa mikangano, kulanda mfundo za otsutsa mpaka otsatira awo asaone chifukwa chodzukira kukavota. Njira imeneyo inamupambanitsa kanayi m'dziko. Koma anthu amene sanaphunzirepo kukangana m'chipani, amene kwa zaka 40 anauzidwa kuti mndandanda ndi umodzi, anamvanso chansala wawo akunena kuti mfundo zake zilibe njira ina. Mawu ake anali "alternativlos". Chipani chimene chinatenga mpando wake chinadzitcha Alternative für Deutschland poyankha mawu omwewo.

Chimene chinapulumutsa Kerth ndi ndime yachibwereza, pamene ovota a zipani zonse amatha kusonkhana kumbuyo kwa munthu mmodzi. Pa chisankho cha Bundestag ndime imeneyo kulibe. CDU, SPD, Die Linke ndi Grüne azigawana anthu 60 aja m'timagawo, ndipo wa 37 azidutsa, pokhapokha chipani china chitayambanso kupezeka ku Grimmen ndi ku Bergen chaka chimene kulibe chisankho. Holm uja, amene analephera kwa Merkel mu 2017 n'kukhala wachitatu mu 2021, sanafunikenso kuima kuno mu 2025. Anasiyira derali mnzake wosadziwika, iye n'kukaima ku Schwerin, likulu la chigawo, kwawo kwa ndale za Schwesig. Anapambana konse kuwiri, iye uko, mnzake kuno.